Dimba la pakhomo lisadikire mvula

Okutobala akalowa mu Blantyre, anthu ambiri amene anali ndi kabedi ka ndiwo kuseri kwa nyumba amataya mtima. Mpiru umene unkasangalatsa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi wayamba kutulutsa maluwa, masamba ake achepa n'kuyamba kuwawa. Repu wadzaza nsabwe kunsi kwa tsamba lililonse, tomato wachita mbuu ndi akangaude ofiira, ndipo pampopi madzi akubwera pakati pa usiku, mwinanso osabwera n'komwe. Mwini dimba amazula zotsalazo, kupachika khasu, n'kunena kuti tidzaonana mvula ikagwa. Ganizo limeneli n'lomveka ndithu, koma ndikuti n'lolakwika. Masabata otentha awa, kuyambira kumayambiriro kwa Okutobala mpaka mvula yeniyeni itakhazikika, ndiwo amene banja la m'tauni liyenera kudzala, bola lisinthe mbewu zimene limadzala komanso madzi amene limathirira.

Tiyambe ndi kumene ndiwo zathu zimachokera. Masamba amene amayalidwa m'mawa uliwonse mumsika wa Limbe, wa Blantyre, wa Ndirande kapena wa Zingwangwa, ambiri salimidwa mumzinda muno. Amabwera kuchokera ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo ndi Chiradzulu, pamene tomato, kabichi ndi anyezi wambiri amayenda ulendo wautali kuchokera ku Lizulu ndi Tsangano m'boma la Ntcheu. Alimi a kumeneko amadalira chinyezi cha m'dambo ndi timitsinje, zimene pofika Okutobala zimakhala zikuphwa. Nthawi yomweyo mlimi amakhala akugawa mphamvu zake pakati pa dimba ndi munda wa chimanga umene ukufuna kusosa ndi kukonza mizere. Mvula ikadza, madimba a m'dambo amadzaza madzi, chiwawu chimagwira tomato, ndipo misewu ya kumidzi imavuta. Mayi wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe sawerenga zonsezi m'nyuzi, amangoona mpukutu wa mpiru ukuwonda pamene mtengo uli womwewo, ndi mulu wa tomato umene unali wa anayi ukusanduka wa atatu. Izi zimachitika m'miyezi yomwe chimanga chimakwera mtengo ndipo fizi ya mu Januwale ikugogoda. Chiyambireni kugwetsedwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ndi wa thiransipoti walowa m'mpukutu uliwonse umene ukutsika m'lole ku Limbe. Munthu amene wadzala maungu mu Okutobala n'kumathirira amayamba kuthyola nkhwani isanathe Novembala, pamene amene wadikira mvula adzauona m'mbale chaka chatsopano chitayandikira.

Cholepheretsa chachikulu n'chakuti tinazolowera kuganiza kuti dimba ndi repu, tchayinizi, mpiru ndi kabichi. Mbewu zimenezi zimakonda nyengo yozizira, n'chifukwa chake zimachita bwino m'chisanu ndi kumalo okwera ngati Bvumbwe ndi Dedza. Kuzikakamiza pa dzuwa la Okutobala n'kudzigulira ntchito yopopera mankhwala sabata ndi sabata. Koma tili ndi ndiwo zimene kutentha ndiye nyengo yake. Bonongwe amakula mwachangu dzuwa likamaswa mtengo, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi chifesereni munthu amayamba kudya pomupatulira. Otsalawo ukamawatsina nsonga amaphuka nthambi zina, n'kumakupatsa ndiwo kwa masabata ambiri. Chitambe chimapirira ludzu kuposa masamba onse amene timagula, ndipo mizu ya khobwe imasiya chonde m'nthaka. Luni, denje ndi therere lobala nazonso zimasangalala ndi kutentha. Kholowa safuna n'komwe kugula mbewu, timitsitsi tingapo topempha kwa a neba tikwanira kuyala bedi lonse, ndipo akayanga amaphimba yekha nthaka yake. Njere za bonongwe ndi luni munthu amasunga yekha m'kabotolo chaka ndi chaka, pamene kapaketi ka mbewu ya repu kamafuna ndalama nthawi iliyonse.

Alipo amene amachita manyazi kuti pakhomo pawo pa ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe paoneke bonongwe, ati ndi ndiwo za kumudzi, zomera pa dzala. Manyazi amenewa akutidyera ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali okwinimbira, ndipo ngakhale m'matauni mwana mmodzi mwa anayi anali wotero. Ana oposa 60 mwa 100 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Bonongwe, luni ndi nkhwani zili ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka kuposa kabichi amene timamuyesa ndiwo zaulemu, ndipo zikatenderedwa ndi nsinjiro thupi limalandira bwino vitamini ameneyu chifukwa cha mafuta a mtedza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Banja la anthu asanu limene likugawana mpukutu umodzi wa mpiru pa nsima ya madzulo lili kutali kwambiri ndi muyezo umenewu.

Funso lolemera kuposa onse ndi la madzi, ndipo siliyenera kuyankhidwa mopepuka. Madzi a mu Blantyre ndi odula kuyambira kumene amachokera. Ambiri amatungidwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo bungwe la Blantyre Water Board limawapopa ndi magetsi kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje amangowonjezera. Magetsi akazima mipopi imauma, ndipo oyamba kuvutika ndi a kumalo okwera ndi amayi amene amafola ndi zigubu pa kiyosiki ku Mbayani kapena ku Manje. Munthu amene amatsegula payipi masana n'kumathirira kapinga ndi maluwa pamene anzake kumtunda akusowa madzi ophikira akulakwa, ndipo amene angachite chimodzimodzi ndi bedi la repu sakusiyana naye kwenikweni. Ngati dimba la pakhomo likutanthauza zimenezo, amene amalitsutsa akunena zoona.

Koma tiyeni tiwerengere. Pa kutentha kwa Okutobala, nthaka ya mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi imataya madzi okwana malita asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali, limene lingapatse banja bonongwe kangapo pa sabata, likufuna malita 15 mpaka 18, osadzaza n'komwe ndowa ya malita 20. Bedi lomwelo likakumbidwa lolowa pansi kuti madzi asathawire m'mbali, likathiridwa manyowa okwanira, n'kuphimbiridwa ndi udzu wouma, masamba a mango kapena makoko a chimanga, madzi ofunika amatsika kwambiri. Kuthirira madzulo dzuwa litapendeka, pa tsinde penipeni, kumapulumutsa enanso. Tsono banja lililonse, ngakhale la pa kiyosiki, limataya madzi oposa pamenepa tsiku ndi tsiku: otsukira mpunga, nyemba ndi masamba, otsukuluzira mbale, otsukuluzira zovala komaliza. Madzi amenewa analipiridwa kale. Masiku ano amangokhuthulidwa pabwalo kapena m'ngalande, n'kumayenda kutsetsereka mpaka kukasanduka chithaphwi pakhomo pa wina. Kuwalozetsa pa bedi la ndiwo sikuwonjezera tambala pa bilu, ndiponso sikulanda dontho kwa aliyense.

Apa wina adzutsa nkhani ya kolera, ndipo ali ndi chifukwa. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha matendawa. Palibe amene angafune kubwerera kumeneko. N'chifukwa chake malire a kagwiritsidwe ntchito ka madzi amenewa ayenera kunenedwa momveka. Madzi ochapira matewera, osambitsira wodwala, otsukira chimbudzi, kapena othira mankhwala oyeretsera zovala, asayandikire dimba. Madzi ogwiritsa kale ntchito asagone m'chidebe, athiridwe tsiku lomwelo, panthaka osati pamasamba, ndipo apite ku ndiwo zophika osati zodya zosaphika. A sopo wambiri amawononga nthaka akachuluka, choncho ndi bwino kuwasinthanitsa ndi a kukhitchini. Ndipo tifunsenso kuti masamba amene tikugula athiriridwa ndi chiyani. Aliyense wodutsa pa mlatho wa Mudi kumunsi kwa mafakitale a ku Makata amaona mtundu wa madziwo ndi kumva fungo lake, koma m'mbali mwa mitsinje ya mumzinda muli timadimba tothiriridwa ndi madzi oterowo. Wogula sangadziwenso ngati tomato wonyezimira uja anapoperedwa mankhwala dzulo lake, makamaka chibwerereni kambozi ka Tuta absoluta kamene kanachititsa alimi kupopera pafupipafupi. Za bedi la kuseri kwa nyumba yako umadziwa chilichonse chimene chagwerapo.

Nanga amene alibe malo? Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda uno, ndipo ochuluka amakhala m'nyumba za lendi, ena m'midadada imene khomo la wina limayang'anizana ndi zenera la mnzake. Kwa iwowa bedi la mamita atatu ndi loto. Komabe thumba la feteleza lakale lodzazidwa dothi losakaniza ndi manyowa, lobooledwa m'mbali, limasunga mitengo ya ndiwo yoposa khumi pamalo amene pangakhale mpando umodzi. Beseni lobooka, chigubu chodulidwa pakati ndi tayala lakutha zimagwira ntchito yomweyo, ndipo tsiku losamuka zimakwera nawo galimoto limodzi ndi katundu. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi eni nyumba, amene amaletsa ngakhale thumba limodzi pakhonde poopa kuti pakhomo paoneka uve, komanso nkhuku za a neba zimene zimatha nazale m'mawa umodzi. Nkhuku zimagonja ndi kampanda ka nsungwi kapena ka matumba. Eni nyumba ayenera kungoganiza bwino: wochita lendi amene sakugula ndiwo tsiku lililonse savutika kwambiri kulipira pakutha pa mwezi, ndipo madzi amene akanakumba ngalande m'mbali mwa maziko a nyumba akupita m'thumba la ndiwo.

Mawu akuti pakhomo ndikuwanena mwadala. Kulima m'tauni kumene kwatipweteka ndi kokwera m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, kugwetsa mitengo n'kudzala chimanga pamalo otsetsereka, komanso kogalauza m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Amene amaopa kuti kulimbikitsa ulimi mumzinda kuwonjezera mavuto otere akuopa zoona. Koma bedi la kuseri kwa nyumba siligwetsa mtengo uliwonse, ndipo nthaka yophimbira imamwa madzi a mvula amene pabwalo losesedwa mbee amangothamanga.

Za amayi ogulitsa masamba m'misika ndi m'mbali mwa misewu, sindikuona kuti malonda awo angagwe. Dimba la pakhomo silingatulutse anyezi, kabichi, mbatatesi ndi tomato wokwanira banja chaka chonse. Ndalama imene yatsala posagula mpukutu wa lero imabwerera kwa iwo omwe, pogula tomato, nsinjiro kapena kamulu ka usipa.

Chotsala ndi kukonzekera mvula, pakuti dimba la Okutobala limayesedwa kawiri, ndi dzuwa kenako ndi madzi. Chizimalupsa chisapusitse munthu kuti asiye kuthirira, chifukwa pambuyo pake dzuwa limabweranso mwaukali. Mvula yeniyeni ikayandikira, mabedi olowa pansi aja asanduke okwera, ndipo patsegulidwe kanjira ka madzi, apo ayi mizu iwola. Mbewu imene yakula kale imapirira mvula yamphamvu imene imakwirira njere ndi kuthyola timbande tongomera, ndipo ichi n'chifukwa china chodzalira msanga. Manyowa nawo amafuna nthawi: zitosi za nkhuku zosawola zimawotcha mbewu pa kutentha kuno, choncho ziunjikidwe ndi zinyalala za kukhitchini ndi phulusa pang'ono kwa masabata angapo zisanapite pa bedi. Pamenepa mpamene khonsolo ya mzinda ingathandize. Zinyalala zambiri zimene zimatengedwa m'misika ya Limbe ndi Blantyre kupita ku Mzedi ndi masamba ofota, makoko a nthochi ndi tomato wowola, zimene zikanawoletsedwa pafupi ndi misikayo n'kugulitsidwa motchipa kwa okhala mumzinda. Malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe, amene ali pafupi ndi Limbe, akhala akugwira ntchito ya mbewu zamasamba ndi zipatso kwa zaka zambiri, koma alangizi a zaulimi timawaona ngati anthu a kumudzi okha. Atamafika m'mipingo, m'mabanki m'khonde ndi kusikelo ya ana ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa mwezi wa Seputembala usanathe, atanyamula njere za bonongwe, luni ndi khobwe, mabanja ambiri akanafesa Okutobala asanafike pakati.