NDEMANGA: Musanatukwane wothira mafuta, tsegulani boneti

Dandaulo lomwe lili m'kamwa mwa oyendetsa timagalimoto ting'onoting'ono masiku ano ndi limodzi: galimoto yayamba kumwa. Ma Vitz, ma Passo, ma March, ma Mira ndi ma Fit omwe anthu adaitanitsa ku Japan atauzidwa kuti amangonunkhiza petulo, lero akumwa ngati chidakwa tsiku la malipiro. Dandauloli likangoyamba, wolakwa sachedwa kupezeka. Ena akuti anyamata a pa filing'i akuba pa pampu. Ena akuti boma likutithirira madzi a nzimbe. Enanso akuti petulo wa masiku ano ngwopepuka, amauluka yekha m'thanki.

Ife a nyuzi ino sitikukana kuti akuba alipo. Koma tinene mosapsatira kuti mafuta ambiri omwe timagalimototi tikuononga akutayikira pansi pa boneti, ndipo adatsegula njirayo ndi eni galimoto mogwirizana ndi amakaniko awo. Mankhwala ake ndi amodzi omwe afala m'magalaja mwathu: "Bwana, ichi kuno n'chosafunika, tingochotsa."

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo adafika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 bungwe la MERA lidamukweza kufika pa K3,499. Tiyeni tiyerekeze ndi kagalimoto komwe kankayenda makilomita 15 pa lita imodzi, koma lero kakuyenda 11. Mwini wake akamayenda makilomita 1,000 pa mwezi, kale ankagula malita 67, pano akugula 91. Malita 24 apamwambawo, pa mtengo wa Okutobala 2025 uja, ndi ndalama pafupifupi K84,000 mwezi uliwonse. Imeneyi ndi ndalama ya ufa ndi ndiwo. Tisaiwalenso kuti petulo wambiri amene timathira amalowa m'dziko muno kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam atagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo timazisowa pogula mankhwala ndi feteleza.

Choyamba tifunse: kodi inu mukudziwa bwanji kuti galimoto yanu ikumwa? Ambiri amayang'ana singano ya pa dashibodi, kapena amangoti petulo wa K20,000 sakukafikanso komwe ankafika. Sangakafike, poti mtengo udakwera ndipo malita ake adachepa. Muyeso woona ngwakuti mudzaze thanki mpaka pampu idule yokha, mulembe makilomita, muyende maulendo anu a masiku onse, kenaka mudzazenso pa pampu yomweyo. Makilomita mwayendawo muwagawe ndi malita mwathirawo. Tikudziwa kuti nthawi ya mizere kudzaza thanki ndi mwayi, koma mwayiwo ukapezeka chitani zimenezi kawiri kapena katatu. Ndipo musadzivutitse ndi manambala omwe ogulitsa amalemba pa intaneti. Amenewo adayezedwa m'nyumba yoyezera ku Japan, galimoto ili yatsopano, popanda maenje, fumbi kapena thumba la makala kumbuyo.

Za madzi a nzimbe tiyankhe mwachidule. N'zoona kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo n'zoonanso kuti ethanol ali ndi mphamvu yochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo. Akasakaniza magawo 10 pa 100, galimoto imataya pafupifupi makilomita atatu pa makilomita 100 aliwonse. Koma dziko lino lidayamba kusakaniza ethanol mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idabwera mu 2004. Galimoto yanu idamupeza ethanol tsiku lomwe idalowa pa Songwe kapena pa Mwanza. Ngati idayamba kumwa chaka chatha, wolakwa mufunefune kwina.

Tsono tibwere pa mtima wa nkhani. Amakaniko athu ambiri, ena mwa iwo aluso kwambiri, adaphunzira ntchito pa Peugeot 404 ndi Datsun 120Y, kapena adaphunzitsidwa ndi omwe adaphunzira pamenepo. Magalimoto amenewo anali a kabuleta: munthu ankatenga sikuludiraiva, n'kumvetsera injini ndi khutu, n'kuchuna mafuta. Timagalimoto ta lero tilibe kabuleta. Mafuta amapima ndi kompyuta, ndipo imayesetsa kuti pa gawo limodzi la petulo pakhale magawo 14.7 a mpweya polemera kwake. Kompyutayo ilibe maso. Imadalira timasensa tomwe timaiuza kuti injini yatentha motani, mpweya walowa wochuluka bwanji, ndipo utsi ukutuluka wotani. Mukainamiza, iyo siikwiya. Imangothira mafuta ambiri pofuna kuteteza injini, ndipo wolipira ndinu.

Bodza lalikulu koposa ndi la thermostat. Kachipangizoka kamakhala panjira ya madzi pakati pa injini ndi radiyeta. Injini ikakhala yozizira kamatseka njira kuti madzi asapite ku radiyeta, ndipo kamatsegula madziwo akafika pa madigiri a pakati pa 80 ndi 90. Galimoto ikangoonetsa kutentha pang'ono, mawu amene mwini wake amamva ndi akuti kachipangizoka adakaikira mayiko a chisanu, kuno ku Africa kamangotenthetsa injini. Amakachotsa n'kukataya, nthawi zina n'kulumikiza fani kuti izizungulira osaleka. Singano ya kutentha imatsika, mwini galimoto n'kuthokoza, n'kupereka ya fanta.

Chimene sadauzidwe n'chakuti injini ya petulo yozizira imafuna mafuta ambiri. Okumbukira choko wa magalimoto akale akudziwa zimenezi: m'mawa unkakoka choko, injini ikatentha n'kumubwezera. Lero chokoyo amakoka ndi kompyuta, ndipo imamubwezera pokhapokha sensa itaiuza kuti madzi atentha mokwanira. Mukachotsa thermostat, injini imachedwa kutentha, ndipo pa mtunda wotsetsereka kapena m'mawa wa Juni ku Dedza ndi ku Mzuzu mwina siifika n'komwe. Ndiye kuti mukuyenda mutakoka choko kuchoka ku Ndirande kukafika ku Limbe tsiku ndi tsiku. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'masilinda, amadetsa mapulagi, ndipo injini imakalamba msanga. Chomvetsa chisoni n'chakuti chomwe chidatenthetsa injini poyamba, kaya ndi radiyeta yodzaza matope a madzi a pa mjigo, kaya chivundikiro chake chotha, kaya pampu ya madzi, chidakali pomwepo. Ku Japan nakonso m'mwezi wa Ogasiti kumatentha ndithu, koma palibe amene amachotsa thermostat.

Chachiwiri ndi ekizozi. M'kati mwa paipi ya utsi muli chisa chonga cha njuchi chotchedwa catalytic converter, chomwe ntchito yake ndi kuyeretsa utsi. M'chisamo muli tizitsulo tamtengo wapatali, platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake chili ndi msika wake. Ena amachigulitsa okha atauzidwa kuti galimoto ipeza mphamvu. Ena amachitaya osadziwa, galimoto itagona pa galaja. Tinene chilungamo: kuchotsa chisacho pakokha si kumene kumamwetsa mafuta ambiri, ndipo chisa chotsekeka nacho chimalemetsa injini. Vuto n'lakuti pafupi ndi chisacho pali masensa a okosijeni, ndipo sensa ya kutsogolo ndiyo imauza kompyuta mphindi iliyonse ngati mafuta achuluka kapena achepa. Anthu ogwira ntchito ndi nyundo ndi moto wa weledingi sasamala za kachingwe kameneka. Sensa ikafa kapena ikafooka ndi ukalamba, galimoto imayendabe bwinobwino, mwini wake osamva kanthu, koma utsi umanunkha petulo ndipo kukamwa kwa ekizozi kumada ngati mphika.

Galimoto imayesetsa kukuuzani. Pa dashibodi pamayaka kanyali kachikasu kooneka ngati injini. Nanga ife timatani? Ena amamata kapepala kakuda pamwamba pake, ena amauza makaniko kuti achotse babu, makamaka pofuna kugulitsa galimoto. Palinso madalaivala a matakisi omwe amati nyaliyo njokongoletsa chabe. Nyali imeneyi ndi imodzi koma imayakira matenda ambirimbiri, ndipo ikakhala yoyaka chaka chonse chifukwa cha chisa chomwe mudachotsa, tsiku lomwe koyilo kapena sensa ina idzafe simudzadziwa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife mnansiyu tikumumata pakamwa.

Mankhwala a "tingochotsa" ali ndi mbale wake, "tiike wolemera." Injini zing'onozing'ono monga ya masilinda atatu ya Vitz ndi Passo zidapangidwira oyilo wopepuka, wa 0W-20 kapena 5W-30. M'malo mwake amathiramo 20W-50 ati poti kuno n'kotentha. Injini imakoka oyilo wolemerayo ngati munthu woyenda m'matope. Kutaya kwake si kwakukulu pa lita imodzi, koma n'kwa tsiku lililonse. Sefa ya mpweya nayo ena amaiboola kapena kuichotseratu kuti injini ipume bwino. Fumbi la m'misewu yathu likalowa limamata sensa yoyeza mpweya ndi kupala masilinda, ndipo injini yopalika sibwereranso popanda ndalama zambiri.

Zina zonse mukuzidziwa kale, kungoti n'zotopetsa kuzichita. Matayala ophwa amakoka. Mpweya woyenera udalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, osati m'mutu mwa mnyamata wopopa yemwe amayeza tayala ndi chidendene. Dzenje limodzi lalikulu la pa M1 limatha kupotoza miyendo, galimoto n'kumayenda matayala akukhula msewu. Buleki yogwira imadziwika mukakhudza limu mutayenda pang'ono: limodzi limatentha kuposa anzake. Sienta adaipangira anthu asanu ndi awiri, ndiye ikanyamula khumi ndi matumba a chimanga isanenedwe kuti ikumwa. Kuimika galimoto injini ikulira nako kumadya theka la lita kapena kuposerapo pa ola, ndipo taonapo anthu pa mzere wa petulo akuotcha madontho otsiriza pofuna kumvera wailesi ndi mphepo yozizira.

Mizereyo yabweretsa mdani wina. Pomwe mapampu adauma mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022 ndi 2024, anthu adathamangira petulo wa m'zigubu. Palibe amene amayeza petulo ameneyu. Chigubu chikhoza kukhala ndi madzi, dothi kapena zotsalira za dizilo, ndipo osaopa Mulungu amathiramo palafini. Injini ikamva mafuta otere imagogoda, kompyuta n'kuchedwetsa moto pofuna kuiteteza, mphamvu n'kuchepa, dalaivala n'kupondereza kwambiri. Dothi limatseka majekiseni a mafuta, omwe m'malo mopopera ngati nkhungu amayamba kudontha. Munthu amalipira kawiri: mtengo wa chigubu lero, ndi malita owonjezera miyezi yonse yotsatira. Apa sitingaloze chala dalaivala yekha. Amene ali ndi udindo woonetsetsa kuti m'mapampu muli mafuta adziwe kuti mzere uliwonse umasiya injini zodwala.

Pempho lathu likupita kwa anthu atatu. A TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu akonze maphunziro aafupi, otsika mtengo ndiponso a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, a amakaniko a pansi pa mtengo. Anthu amenewa ndiwo akusamala magalimoto ambiri a dziko lino, ndipo kuwanyoza sikutithandiza. Akusowa wowaonetsa kawerengedwe ka kamakina kolumikiza pansi pa sitiyelingi kaja, kamene lero kakupezeka motsika mtengo ndipo kena kamagwira ntchito ndi foni. A Malawi Bureau of Standards, omwe amayeza mapampu, pamodzi ndi a MERA, azilengeza poyera kuti ayeza malo ati, liti, ndipo apeza zotani, kuti mphekesera za kuba zithe kapena akubawo adziwike ndi mayina. A Road Traffic nawo, poyeza galimoto ya COF, aziona ngati nyali ya injini ikugwira ntchito.

Kwa inu eni galimoto, ufulu wofunsa muli nawo ngakhale pa galaja. Makaniko akati tichotse, mufunseni kuti chipangizocho chimagwira ntchito yanji ndipo chidaonongeka pati. Chilichonse chomwe wachotsa akupatseni m'manja. Ngati galimoto mudagula kwa munthu wina kuno, pemphani kuti atsegule paipi ya madzi muone ndi maso anu ngati thermostat ilimo, poti mtengo wake sufika pa ndalama yomwe mukutaya pa petulo miyezi ingapo. Ndipo mawa m'mawa, musanalize injini, tembenuzani kiyi pang'ono muyang'ane pa dashibodi. Kanyali ka injini kayenera kuyaka, kenaka n'kuzima injini ikalira. Kakapanda kuzima, kaikeni galimoto pa kompyuta. Kakapanda kuyaka n'komwe, ndiye kuti wina adachotsa babu.