Kanema wathu akusowa chidole cholankhula Chichewa ndi Chiyao

Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo makanda a chaka chimenecho lero ali ndi ana awo. M'zaka zonsezi kanema watiseketsa ndithu. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankatithyola nthiti. Manganya wa Tikuferanji adalowa m'khomo lililonse, mpaka mwini dzinalo, Michael Usi, adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Koma kafunseni mwana wa ku Makawa kapena ku Malindi kuti atchule chidole chimodzi cha pa kanema cholankhula chiyankhulo cha kwawo, chimene amachidziwa dzina ndi mawu ake. Angokuyang'anani.

Anzathu sadagone. Ku South Africa adayambitsa Takalani Sesame mu 2000, ndipo mu 2002 adabweretsa Kami, chidole cha kamtsikana kamasiye ka zaka 5 kokhala ndi HIV. Nkhani imene akuluakulu ankainong'ona, Kami ankaikamba akusewera, ana n'kumamukonda. Ku Kenya, wojambula Gado adayambitsa The XYZ Show mu 2009, zidole zamphira za nkhope za andale zikukangana anthu akuonerera. Chidole chimanena zimene munthu amachita nazo manyazi kapena mantha, ndipo wonenedwayo akachipsera mtima amangoonjezera phwete.

Ena amati vuto ndi ndalama. Ife tikukana. Jim Henson adasoka Kermit woyamba mu 1955 kuchokera ku chijasi chakale cha mayi ake, maso n'kuika zibenthu ziwiri za kampira ka tenesi ya patebulo. Ntchito yeniyeni ili m'dzanja: zala zinayi kunsagwada ya m'mwamba, chala chachikulu kunsagwada ya m'munsi, timawaya tiwiri toyendetsera manja, woseweretsayo atabisala pansi kuti kamera isamuone. Kamwa likatseguka pa nthawi yake, mutu n'kupendekeka pang'ono ngati ukumvetsera, nsanza ija yasanduka munthu.

Manja otere kuno alipo. Yendani pa msewu wochoka ku Mangochi Boma kupita ku Monkey Bay, muone zipewa, madengu ndi timagalimoto toluka zili ndandanda m'mbali mwa msewu. Ku Chembe amisiri amasema mvuu ndi ng'ona kuti agulitse kwa alendo, pamene ana akukankha magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino. Mmisiri amene amatha kusema nkhope ya mvuu sangalephere kuipatsa nsagwada yoyenda. Nawo maso a oonera adazolowera kale. Amene adaonapo kasiyamaliro akulowa m'bwalo, kapena adafikapo ku Kungoni, ku Mua, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe mu 1976, akudziwa kuti anthu athu safuna kuphunzitsidwa kugoma ndi chinthu chosakhala munthu chikamavina. Za kudambwe ndi za kundagala zili ndi eni ake, ndipo sitikupempha kuti zitengeredwe pa kanema. Tikungonena kuti luso lopatsa moyo zinthu si lachilendo kwathu.

Nthano nazo n'zosayamba: Kalulu ndi Fisi, Kamba wosafulumira, Kamdothi wothawa mvula, Napolo wogumula mapiri. Shemu Joyah adaonetsa mu 2012, ndi The Last Fishing Boat, kuti moyo wa msodzi ukhoza kudzaza filimu yonse. Kamera yake idathera pamwamba pa madzi. Chidole chikhoza kutsika pansi, kumene chambo chokalamba chikudandaulira mbuna kuti adzukulu ake atha ndi maukonde a udzudzu, usipa n'kumaganiza kuti nyali za asodzi ndi mwezi.

Tili ndi nkhawa imodzi. Masewero ambiri m'dziko muno amabadwa bungwe likabwera ndi uthenga, n'kufa ndalama za pulojekiti zikatha. Chidole chikangosanduka mlangizi wowerenga malamulo a likodzo ndi kolera, ana adzachithawa. Chiyambe chaseketsa, chichite mwano pang'ono, chikhale ndi dyera ndi ulesi wake. Uthenga udzalowa wokha pambuyo. Akuluakulu nawonso apatsidwe zawo. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko, choncho wailesi za kanema zisamabisalenso kumbuyo kwa lamulo lakale.

Poyambira si patali. Foni yabwino imajambula, nsalu yakumbuyo ndi chitenje, ndipo m'mavidiyo a m'madoko monga Msaka ndi Malembo anthu amadzazana kale kuonera mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa. Amene amamasulira aja ndi akatswiri osintha mawu, monganso achinyamata a masewero a pa wailesi ya Dzimwe. Awa akumane ndi osema, oluka ndi atelala, mwina pabwalo la Lake Malawi Museum ku Mangochi Boma. Kwa MBC, Zodiak, Times ndi Mibawa pempho lathu ndi mphindi 10 zokha pa sabata kwa chaka chathunthu, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pa nthawi imene ana amakhala ali maso. Ndipo wosoka chidole, wochiseweretsa ndi wolemba nkhani azilandira malipiro awo mwezi ndi mwezi, dzina la aliyense lizilembedwa pa kanemapo.