Piritsi Lofiira Si Chiphaso cha Nzeru

Mu filimu ya The Matrix ya mu 1999, mnyamata wotchedwa Neo amusonyeza mapiritsi awiri. Akameza la buluu, apitiriza moyo wake monga kale. Akameza lofiira, adziwa choona chowawa: kuti mzinda, ntchito ndi chakudya chake zonse ndi maloto opangidwa ndi kompyuta, pomwe thupi lake lagona m'thanki ndipo makina akulikama mphamvu ya magetsi. Neo adasankha lofiira.

Ine ndilibe mlandu ndi filimuyi. Mlandu wanga uli ndi anthu amene aisandutsa chishango cha ulesi wa maganizo. Pa intaneti padzaza anthu odzitcha omeza piritsi lofiira. Kwa iwo katemera ndi chiwembu, nyuzipepala zonse n'zabodza, ndipo aliyense wowatsutsa ndi wogona tulo. Mu 2020, Elon Musk adalimbikitsa omutsatira pa Twitter kumeza piritsili, ndipo Lilly Wachowski, mmodzi mwa awiri amene adapanga filimuyi, adamuyankha ndi chitukwano. Mwini nyimbo adaona kuti ovina aphonya sitepe.

Tiyeni tionetsetse zomwe mafilimuwa amaphunzitsa. Neo atadzuka sadapeze ulemerero. Adapeza dziko labwinja ndi phala losakoma, mpaka mnzake Cypher adapereka gulu lonse kwa adani pofuna kubwerera kumaloto kukadya nyama yonona. Choona chili ndi mtengo wake. Nanga n'chifukwa chiyani “choona” cha anzathu a pa intanetiwa chimangowakomera, n'kumawauza kuti ochenjera ndi iwo okha?

Taonaninso The Truman Show ya mu 1998. Truman adakula osadziwa kuti tawuni yake yonse ndi bwalo la sewero la pa wailesi yakanema, ndipo ngakhale mkazi wake ndi wochita sewero. Sadadzuke chifukwa cha mphekesera ayi. Getsi lidagwa kuchokera kumwamba. Wailesi ya m'galimoto idayamba kutchula misewu yomwe iye ankadutsa. Iye adasonkhanitsa zizindikirozi, adaziyesa, kenaka adakwera bwato ngakhale ankaopa madzi, mpaka bwatolo lidagunda khoma lopakidwa utoto wa thambo. Kukayika kwake kudathera pa umboni wogwirika ndi manja.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1641, René Descartes adadzifunsa ngati chiwanda china chochenjera sichikumunyenga pa zonse zomwe amaona ndi kumva. Koma onani amene adayamba kumukayikira: iye mwini, maso ake ndi makutu ake. Apa ndi pomwe anzathu aja amalephera. Amakayikira dokotala, mphunzitsi ndi mtolankhani, koma uthenga wopanda mwini wa pa WhatsApp amaumeza osatafuna.

Ena anena kuti poti ndimagwira ntchito m'boma, ndikufuna anthu azingovomera zonse. Kutalitali! Maboma amanama, makampani amanamanso, ndipo safunsa adadya phula. Funsani ndithu. Koma mukatha kufunsa boma, mufunsenso amene wakunong'onezani kuti boma likunama: umboni wake uli kuti, ndipo iye apindulapo chiyani mukamukhulupirira?

Munthu amene wasiya kukhulupirira aliyense kupatula wogawa mapiritsi sadatuluke m'thanki. Wangosamukira m'thanki ina, ndipo womukama tsopano ndi wina.