Jambulani mtengo usanagwe

Ukamayenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Nyimba kupita ku Petauke, podutsa pa Minga, umaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo ine ndikawaona mtima umandiwawa, chifukwa m'thumba lililonse muli mtengo umene wina ankaudziwa ngati m'bale wake. N'chifukwa chake masiku ano sindiyenda wopanda kope ndi pensulo. Ndajambula mkuyu umene agogo ankakhala pansi pake posenda mtedza, ndajambulanso mtengo wa mango umene tinkabisalapo dzuwa podikira odwala athu pafupi ndi chipatala cha mishoni ya Minga. Kujambula kumaphunzitsa maso kudekha. Umazindikira kuti khungwa la mlambe ndi losalala, la mlombwa ndi lokhakhala, ndipo ukaulasa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Aphunzitsi athu, tulutsani ana panja, muwapatse pepala ndi kakhala kamodzi, aliyense ajambule mtengo umene makolo ake amaukumbukira, afunsenso dzina lake kwa agogo. Mwana amene wakhala tsiku lathunthu akuyang'ana nthambi za mtengo saulola msanga kuti nkhwangwa iukhudze.

Wolemba: Mwana wa pa Minga