Wotchi Imene Ili M'mutu Mwanu

Mlamu wanga ndi mlonda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Amalowa ntchito dzuwa likamalowa, n'kuweruka kukamacha. Mwezi wathawu anandipeza pakhonde n'kundidandaulira kuti: "Alamu, ndimafika pakhomo nditatopa kwambiri, koma ndikagona, pofika 10 koloko m'mawa maso ali gwa. Ndiye kuntchito, cha m'ma 3 koloko usiku, tulo timandigwira ngati ndalodzedwa." Anali ndi nkhawa chifukwa mlonda akapezeka akugona, ntchito imatha. Ndinawauza kuti sanalodzedwe, ndipo si ulesi. Akulimbana ndi wotchi imene ili m'mutu mwawo.

Mkati mwa ubongo, pamwamba penipeni pa malo amene mitsempha yochokera m'maso awiri imapingasana, pali kagulu ka maselo pafupifupi 20,000. Kukula kwake sikafika ngakhale pa njere ya mpunga. Madokotala amakatchula kuti suprachiasmatic nucleus, kapena SCN mwachidule. Kagulu kameneka ndi kamene kamasunga nthawi m'thupi la munthu, la mbuzi, la khoswe ndi la nyama zonse zoyamwitsa. Mleme ndi changa zili nako ngati ifeyo, kungoti thupi lawo limamva uthenga wake mosiyana: ife tikamafuna mphasa, izo ndiye kwacha.

Kodi zimenezi zinadziwika bwanji? Mu 1972, magulu awiri a akatswiri a ku America anawononga kagulu ka maselo kameneka mu ubongo wa makoswe. Makoswewo sanafe, koma anasokonekera: ankamwa madzi ndi kuthamangathamanga nthawi ina iliyonse, osatsatanso usana ndi usiku. Kenako mu 1990, Martin Ralph ndi anzake anayesa china pa timanyama tofanana ndi mbewa totchedwa hamster. Ena mwa timanyamati tinali ndi tsiku la maola 20 m'malo mwa 24. Atatenga SCN ya kanyama kotere n'kuiika mu ubongo wa kanzake kamene SCN yake inachotsedwa, kolandirako kanayamba kutsata tsiku la maola 20. Wotchi inasamuka pamodzi ndi maselowo. Mu 2017, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi yotere imayendera mkati mwa selo: pali mapuloteni ena amene amachuluka usiku n'kumachepa masana, ndipo ulendo umodzi wa kuchuluka ndi kuchepako umatenga pafupifupi tsiku lathunthu.

Mawu akuti "pafupifupi" ndi ofunika apa. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard wa mu 1999 anapeza kuti wotchi ya munthu, ikangosiyidwa payokha, imatenga maola 24 ndi mphindi 11. Ndiye kuti tsiku lililonse imatsalira pang'ono, ndipo imafuna woikonza. Woikonzayo ndi kuwala. M'diso muli maselo apadera amene ntchito yake si kuona zinthu, koma kuuza SCN kuti kunja kwacha kapena kwada. Kuwala kwa m'mawa kumakokera wotchi kutsogolo, munthu n'kumamva tulo msanga madzulo. Kuwala kwa usiku kumaikankhira m'mbuyo, tulo n'kumachedwa. Ife amene timayang'anira kulowa kwa dzuwa Lachisanu lililonse timadziwa kuti mu Juni limalowa cha m'ma 5 koloko, pamene mu Disembala limapitirira 6 koloko. Ubongo wathu nawonso umatsatira kusinthaku popanda kalendala.

Wotchi ikadziwa nthawi, imatumiza uthenga m'thupi lonse. Kukada, kachiwalo kena kakang'ono ka mu ubongo kamatulutsa homoni yotchedwa melatonin, imene imauza thupi kuti usiku wafika. M'bandakucha, thupi limazizira kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo maganizo amachita ulesi. Kenako homoni ina, cortisol, imakwera kuti itikonzekeretse kudzuka. N'chifukwa chake mlamu wanga amasinza cha m'ma 3 koloko usiku, n'kulephera kugona 10 koloko m'mawa. Akamayenda pansi kubwerera kwawo, dzuwa lotulukira kuseri kwa phiri limawawomba m'maso n'kuuza ubongo kuti tsiku layamba.

Chiwindi, kapamba ndi matumbo nazonso zili ndi timawotchi tawo, ndipo timatsatira kwambiri nthawi ya chakudya. Thupi limatha bwino kusamalira shuga m'mawa kusiyana ndi usiku. Mukadya nsima yambiri 10 koloko usiku, ubongo ukuti tigone, pamene m'mimba mukuti tigwire ntchito. Kusagwirizana kotereku kukatenga zaka zambiri kumakhala ndi zotsatira. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti anthu ogwira ntchito usiku kwa nthawi yaitali amapezeka kawirikawiri ndi matenda a shuga, a mtima ndi kunenepa kwambiri. Mu 2007, nthambi ya bungwe la WHO yoona za khansa inaika ntchito zosokoneza wotchi ya thupi m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa.

Sindikunena kuti alonda, anamwino kapena ogwira ntchito usiku m'mafakitale a tiyi asiye ntchito. Ana adya chiyani? Koma pali zimene banja lingachite. Woweruka m'mawa avale chipewa kapena magalasi akuda popita kunyumba, ndipo akafika agone msanga. Chipinda chikhale cha mdima. Bulangete lakale pawindo limathandiza. Ana auzidwe kuti bambo kapena mayi akagona masana sakuchita ulesi, ndipo wailesi ichepetsedwe. Chakudya chachikulu adye asanapite kuntchito, usiku angodya zopepuka ngati nthochi kapena mbatata. Kugona ola limodzi kapena awiri masana asananyamuke kumachepetsa kusinza m'bandakucha. Tiyi ndi khofi sizikonza wotchi: zimangobisa tulo, ndipo theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi patapita maola ngati 5. Oyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pa msewu wa ku Muloza m'bandakucha akumbukirenso kuti imeneyo ndi nthawi imene ubongo umasinza ngakhale maso ali otsegula.

Enafe amene timagona usiku tili ndi vuto lina latsopano. Makolo athu ankadya kukangoda, n'kucheza pang'ono pamoto, n'kugona. Lero sola ndi foni zatalikitsa madzulo athu. Mwana wa Fomu 4 amene amachezera kuwerenga mpaka 2 koloko usiku, foni ili pafupi ndi nkhope, amakankhira wotchi yake m'mbuyo, ndipo m'kalasi amangoyasamula. Komanso ubongo umasunga bwino zimene waphunzira pamene munthu wagona mokwanira, choncho kuchezerako kumamubera zomwe akufunazo. Achinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, akuluakulu maola 7 kapena kuposerapo. Muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, n'kutuluka panja m'mawa. Ngakhale tsiku la chiperoni, phiri litabisika m'nkhungu, kuwala kwa panja kumaposa kwa babu la m'nyumba. Madzulo, foni ziikidwe pambali ola limodzi musanagone, ndipo makolo ayambe ndiwo.

Ngati mwayesa zonsezi kwa milungu ingapo koma tulo sitikubwera, kapena ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumadzidzimuka mukubanika, pitani kuchipatala.

Mlamu wanga anakhoma bulangete pawindo, ndipo mlongo wanga anasamutsa mtondo kupita nawo kuseri kwa khola. Akuti tsopano amagona mpaka cha m'ma 12 koloko masana. Ikakwana 3 koloko usiku tulo timabwerabe, koma amadziwa kumene tikuchokera, ndiye amaimirira n'kuyamba kuzungulira mpanda.