Chimbale chojambulidwa mu hotela yotseka

Anyamata oimba magitala ku Mughese, m'mapiri a Misuku, amadandaula kuti nyumba zojambuliramo nyimbo zili kutali, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Dandaulo lawo nloona, koma mbiri ya Machine Head, chimbale cha gulu la ku Britain la Deep Purple, isonyeza kuti mtundawo sindiwo vuto lalikulu.

Mu 1971 gululi lidapita ku Montreux, m'dziko la Switzerland, litabwereka galimoto ya makina ojambulira ya Rolling Stones. Pa 4 Disembala, Frank Zappa ali mkati moimba, nyumba ya juga imene lidafuna kujambuliramo idapsa. Lidasamukira ku holo ya Pavilion, koma okhala pafupi adaitana apolisi chifukwa cha phokoso. Potsiriza lidaloŵa mu Grand Hotel, imene idali yotseka m'nyengo yachisanu, nkuika zida m'kanjira ka pakati pa zipinda, nkutchinga ndi matiresi.

Galimoto ija idatsala kunja. Pofuna kumva zimene ajambula, oimbawo ankadzera m'zipinda ndi m'makonde, kunja kukuzizira koopsa. Atatopa adaleka kupitako kaŵirikaŵiri. Nyimbo ikawakomera poiimba, ankangopitirira ndi ina. Apa mpamene pagona nkhani. Ritchie Blackmore, Jon Lord, Ian Paice, Roger Glover ndi Ian Gillan adali ataimbira limodzi kuyambira 1969, kotero aliyense ankadziŵa pamene mnzake akhotere asanakhote. Pasanathe milungu itatu ntchito idatha. Chimbalecho, momwe muli "Smoke on the Water" yosimba za moto uja, chidatuluka mu Malichi 1972 ndipo chidatsogola pa malonda ku Britain.

Anansi athu a ku Zambia adamva maimbidwe ameneŵa naŵasandutsa awoawo. Gulu la WITCH lidatulutsa Lazy Bones mu 1975, ndipo Paul Ngozi wa ku Lusaka adaimba ndi gitala laukali lomwelo m'Chinyanja, makina awo ali ochepa poyerekeza ndi a ku London.

Lero kompyuta imodzi ndi maikolofoni aŵiri zikwanira kujambula chimbale. Chosoŵa ku Mughese ndi malo oti anyamata asanu aziphunzirira limodzi kwa zaka ziŵiri popanda wowathamangitsa. Makalasi amakhala otseka Loŵeruka lililonse, ndipo makiyi ake ali m'matumba a aphunzitsi.