Tsitsi likathothoka musathawe dilipi

Pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire athu ndi Mozambique, nkhani siichedwa kufala. Mayi wogulitsa kachewere akabwera kuchipatala cha Kamuzu Central mutu uli mbee, anzake amayamba manong'onong'o: "Amfwo, mankhwala aja akumaliza munthu." Ulendo wotsatira sapitanso. Ife tikuti uku n'kudzipha ndi manja ako.

Ana asukulu tithandizeni kufotokozera makolo. Pafupifupi mu selo iliyonse ya thupi muli DNA, ulusi wa nthambo ziwiri zopotana wosunga malangizo. Selo isanagawikane, nthambozo zimatseguka ngati zipi kuti zikoperedwe. Khansa ndi maselo ogawikana mosaleka, ndiye mankhwala amakatchera pomwepo.

Tengani cisplatin, amene madokotala amapereka pa khansa ya khomo la chiberekero. Mphamvu yake anaitulukira Barnett Rosenberg ku America mu 1965, ndipo anavomerezedwa mu 1978. Muli chitsulo cha platinum chomwe chimagwira zilembo ziwiri zoyandikana za DNA, zotchedwa guanine, n'kuzimanga pamodzi. Ulusi umapindika, zipi imakana kuyenda, selo imalephera kugawikana n'kufa. Doxorubicin, wofiira uja wosintha ndi mkodzo womwe, amachita mwina: amadzilowetsa pakati pa zilembozo ngati mphero mu chikuni.

Vuto n'lakuti mankhwala sadziwa mdani ndi mnansi. Mizu ya tsitsi, m'kamwa ndi m'mafupa mopangidwa magazi nayonso maselo amagawikana msanga, choncho amalawa nawo. Doxorubicin amathothola tsitsi, cisplatin amasanzitsa. Tsitsilo limameranso. N'chifukwa chake dilipi imabwera mopumira, kawirikawiri pakatha milungu itatu, kuti thupi lichire kaye. Koma selo nayo ili ndi amisiri ake okonza DNA yowonongeka. Wodwala akajomba, khansa yotsala imapeza mpata wodzikonza ndi kuchulukananso.

Tikudziwa, ena sajomba dala. Lilongwe ili pa mtunda woposa makilomita 100, minibasi siidikira kuti tomato agulidwe kaye, ndipo tsiku lapaulendo ndi tsiku lopanda malonda. Apa ndiye tikufunsa makomiti a misika: chopereka cha maliro mumatolera tsiku limodzi lokha, nanga cha thiransipoti ya wodwala chikukanika bwanji? Unduna wa Zaumoyo nawo uwonetsetse kuti wobwera pa tsiku lake asabwezedwe poti mankhwala atha.